Chilombo cha Manson ndi zilombo za kwathu

Mwana wanga wa zaka 16 anabwera kunyumba ndi CD yakale imene anagula ku Afflecks, nyumba ya timasitolo ija ili pakati pa Manchester. Pachikuto panali nkhope yotuwa ngati ya mtembo, ndi mawu akuti Antichrist Superstar. Mlamu wanga wa ku Leeds atamva anati, "Amake mwana, itanani abusa msanga, izi ndi za usataniki." Ine ndinati dikirani kaye. Ndine namwino, ndipo kuntchito sitipereka mankhwala tisanamuyeze wodwala. Ndinachimvetsera chimbalecho m'galimoto masiku atatu, popita ndi pobwera ku naiti.

Mwini wake ndi Marilyn Manson, dzina lake lenileni Brian Warner, wobadwa mu 1969 ku Ohio, amene anaphunzira pa sukulu yachikhristu ali mwana. Chimbalechi chinatuluka mu October 1996, chinajambulidwa ku New Orleans mothandizidwa ndi Trent Reznor wa gulu la Nine Inch Nails, ndipo chinafika pa nambala 3 pa mndandanda wa Billboard ku America. Mtundu wa nyimbo zake amati industrial metal: magitala olira mokalipa, osakanizidwa ndi phokoso longa la makina a m'fakitale.

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti chimbale chonse ndi nthano imodzi yogawidwa patatu. Pali kamphutsi konyozeka, kopondedwa ndi aliyense. Kamakula, kamamera mapiko, nkusanduka katswiri amene khamu limamugwadira. Akafika pamwamba amayamba kunyansidwa ndi omupembedzawo, mpaka amawononga zonse, iye mwini pamodzi. Sindinamvemo pemphero kwa Satana ayi. Ndinamva mwana wopwetekedwa amene wakula nkukhala wankhanza kuposa amene anamupweteka. Anthu otere ndawaona m'mawodi, enanso tinawaona pa ndale.

Mbali ya luso, ndinene chilungamo. Ng'oma za mu The Beautiful People nzolemera, mwendo umagwedezeka wokha. Man That You Fear, nyimbo yodekha ya kumapeto, ndiyo yabwino kuposa zonse chifukwa mkwiyo watha, chatsala ndi chisoni. Koma chimbalechi nchachitali mopitirira, kuposa ola lathunthu, ndipo pakatipo kukuwa kumangofanana. Mawu ena ngotukwana chabe, onyoza thupi la munthu, makamaka la mkazi. Pamakonsati ankang'amba Baibulo, ndipo kwa ine wokulira m'tchalitchi zimenezo zimandiwawa.

Tsono apa mpamene ndinakumbukira kwathu. Ife Achewa nkhope yoopsa si yachilendo. Gule wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ali ndi zilombo zimene zimathamangitsa ana. Zina zimavina khalidwe loipa dala kuti oonera alione kunyansa kwake. Simoni wa nkhope yofiira ndi Maliya anabadwa pamene gule ankalimbana ndi amishoni, amene kalelo ankati zonsezi nza mdierekezi. Lero ku Mua, pa Kungoni imene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, nkhope mazanamazana zimasungidwa pa mishoni pomwepo. Ndiye tisathamangire kuweruza chinthu chifukwa choti chikuopsa.

Komabe pali kusiyana, ndipo mpomwe chimbalechi chikuperewera. Za kudambwe sindingazilankhule, ndine mkazi, koma za pabwalo tonse timaziona. Chilombo chimatuluka mfumu italola, pa maliro kapena pa chinamwali, amayi akuyimbira, ndipo chikavina chimabwerera kumene chinachokera.  Mudzi ndiwo mwini wake. Chilombo cha Manson chilibe mudzi. Iye anadzisandutsa yekha chilombocho, nkuchigulitsa, nkulemera nacho. Nthano imachenjeza za munthu wofuna kupembedzedwa, pamene woyimbayo akutambasula manja kulandira kupembedzako. Mu February 2021 Evan Rachel Wood ndi amayi ena ananena poyera kuti anawachitira nkhanza, ndipo kampani yake yojambulitsa nyimbo inamusiya. Iye amakana, ndipo mu January 2025 oimira boma pa milandu ku Los Angeles anati samuzenga mlandu. Sindine woweruza, koma mwana wanga ndinamuuza zonsezi.

Chimene ndikukana ndi kutenga mantha athu nkuwaika pa ana ovala zakuda. Mu 1999 Manson ananamiziridwa kuti ndiye anachititsa kuphedwa kwa ana pa sukulu ya Columbine. Kuno kwathu kuno, mu August 2007, Sophie Lancaster, mtsikana wa zaka 20, anamenyedwa ndi anyamata mu Stubbylee Park ku Bacup chifukwa cha kavalidwe kake ka chigoth, ndipo anamwalira patatha masiku 13. Mu 2013 apolisi a Greater Manchester anayamba kulemba nkhanza zotere ngati milandu ya chidani. Ife amene timayang'anidwa m'basi chifukwa cha khungu lathu tiyenera kukhala oyamba kumvetsa. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

CD ija ndinamubwezera mwiniwake. Ndinamuuza nyimbo ziwiri zimene ndinakonda, ndi zimene zinandinyansa, ndi chifukwa chake. Anadabwa kuti amayi ake anamvetsera mpaka kumapeto, ndipo tinacheza mpaka tiyi anazizira. Abusa sanaitanidwe. Tagwirizana kuti tikadzapita kumudzi tidzaima pa Mua, akaone yekha nkhope zoopsa za makolo ake.