Buku la Mwase Lonena za John Chilembwe

Anthu a kwa Mfumu Nthache, m'boma la Mwanza, sasowa wowauza kuti nkhondo n'chiyani. M'chaka cha 2015 ndi cha 2016 anaona anthu ochokera ku Tete, m'dziko la Mozambique, akuoloka malire nafika pamudzi wa Kapise. Chiwerengero chao chinapitirira 10,000, ndipo ambiri anali akazi ndi ana. Othawawo anasimba kuti asilikari anatentha nyumba ndi nkhokwe zao, powanenera kuti anali kuthandiza ankhondo a Renamo. Munali mu April 2016 m'mene anayamba kuwasamutsira ku Luwani, m'boma la Neno.

Munthu amene anaona zotere sangawerenge buku la nkhondo monga awerengera nthano ya kalulu. Iye afunsa kuti, "Nanga akazi ndi ana anatani? Nanga otsala anadya chiyani?" Mafunso omwewa ndiwo muyeso wabwino woyesera buku limene George Simeon Mwase analemba, losimba za John Chilembwe ndi nkhondo yake ya m'chaka cha 1915.

Mwase anali Mtonga wa ku Nkhata Bay, ndipo anagwira ntchito yaukalaliki m'Boma la Nyasaland. M'chaka cha 1931 anamangidwa pa mlandu wa ndalama, naikidwa m'ndende ya ku Zomba. M'menemo anapezana ndi Wallace Kampingo, mmodzi wa anthu a Chilembwe, ndipo zambiri za nkhondoyo anazimva kwa iyeyo. Anazilemba m'Chingerezi, koma zolembazo zinangogona zaka zambiri. Zinasindikizidwa ku America m'chaka cha 1967, atazikonza Robert Rotberg, mwini wake atamwalira kale. Dzina la bukuli ndilo Strike a Blow and Die, ndiko kunena kuti, kantha kamodzi nufe.

Nkhani yake mwachidule ndi iyi. Chilembwe anapita ku America m'chaka cha 1897 pamodzi ndi Joseph Booth, naphunzira zaubusa. Anabwerako m'chaka cha 1900, namanga mishoni yake ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Pafupi ndi mishoniyo panali minda yaikulu ya Azungu ya ku Magomero, kumene anthu ankagwira thangata, ndiyo ntchito yolipirira malo okhalapo. Woyang'anira mindayo, William Jervis Livingstone, anali kudziwika ndi nkhanza, ndipo nyumba zopempherera za anthu a Chilembwe zinkatenthedwa. Tsono m'chaka cha 1914 kunabuka nkhondo ya Angerezi ndi Ajeremani. Mu September chaka chomwecho asilikari akuda anafa pa nkhondo ya ku Karonga. Chilembwe analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti amphawi ali kufera nkhondo imene saidziwa chiyambi chake, nasiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Boma silinalole kuti mau amenewo afalikire.

Usiku wa Loweruka, pa 23 January 1915, anthu a Chilembwe anadzuka. Anapha Livingstone ndi Azungu ena awiri. Ena anapita ku Blantyre kukafuna mfuti m'sitolo ya Mandala, koma anapeza zowerengeka zokha. Pa 3 February Chilembwe anaomberedwa kufupi ndi Mulanje, ali kulowera ku malire a Mozambique. Nkhondo yonse sinakwane masabata awiri.

Ubwino woyamba wa bukuli ndi wakuti lipatsa Chilembwe zifukwa. Azungu ambiri a masiku amenewo anamuyesa munthu wopenga. Mwase akana zimenezo. Iye aonetsa thangata, zikoti, msonkho ndi chipongwe chimene munthu wakuda ankachitiridwa ngakhale ataphunzira. Akale anati, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Wowerenga akatsiriza mbali imeneyi aona kuti Chilembwe sanadzuke chabe. Anayamba walankhula, ndipo pamene pakamwa panatsekedwa anatola mkondo.

Ubwino wachiwiri ndi wakuti bukuli lisunga malamulo amene mtsogoleriyo anapatsa ankhondo ake. Mwase asimba kuti Chilembwe analetsa kukhudza akazi ndi ana, naletsanso kufunkha chuma. Pa za akazi ndi ana, mbiri imvomereza. Mkazi wa Livingstone pamodzi ndi akazi ena ndi ana ao anatengedwa ku Magomero, koma sanapwetekedwe, ndipo patapita masiku owerengeka anamasulidwa. Ichi sichinthu chaching'ono. Anthu amene akwapulidwa zaka zambiri, akapeza mpata usiku ali ndi mikondo m'manja, savuta kupyola malire. Mtsogoleri amene mau ake angathe kugwira dzanja la munthu wokwiya ali ndi mphamvu yoposa ya mfuti. Amene anamva zosimba za othawa a pa Kapise adziwa mtengo wake wa lamulo lotere.

Komabe bukuli lili ndi popunduka. Mwase sanali ku Mbombwe. Mau amene aika m'kamwa mwa Chilembwe anawalemba patapita zaka 16 kapena kuposerapo, atawamva kwa wina. Chotero wowerenga asawayese mau enieni a Chilembwe. Ndiwo mau a Mwase, oyesa kufotokoza mtima wa munthu amene anamlemekeza.

Chiphunzitso chachikulu cha bukuli ndicho chakuti Chilembwe anadziwa kuti sadzapambana. Mwase ati iye anafuna kukantha kamodzi kokha ndi kufa, monga anachitira John Brown wa ku America, amene anaukira ukapolo m'chaka cha 1859 naphedwa, kuti mwazi wao udzutse olamula. Chiphunzitso chimenechi chikoma m'khutu, koma pali zina zimene sizigwirizana nacho bwino. Chilembwe anatumiza mthenga ndi kalata kwa Ajeremani a ku Tanganyika. Anatuma anthu kukafuna mfuti ku Blantyre. Anapangana ndi Filipo Chinyama kuti nayenso adzuke ku Ntcheu. Munthu amene angofuna kufa safuna zonsezi. Kapena mtima wake unali pawiri, kuyembekeza kupambana ndi kukonzekera imfa. Mtima wotere ndiwo wa munthu weniweni, ndipo bukuli likanakula likanauonetsa wonse.

Koma chiphunzitso cha Mwase chikakhala choona, pabuka funso lolemera koposa. Mtsogoleri akasankha imfa, sasankhira yekha. Pambuyo pake panali alimi ndi antchito a m'minda, ambiri a iwo Alomwe amene anathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique. Kodi onsewo anadziwa kuti ulendowo unali wosabwerera? Nkhondo itatha, Boma linapha anthu pafupifupi 40, pakati pao John Gray Kufa ndi Duncan Njilima, nilimanga ena ngati 300. Midzi inatenthedwa, ndipo nyumba yaikulu yopempherera ya ku Mbombwe inaphulitsidwa. Mlandu wa kubwezera koopsa kumeneku ndi wa Boma la Atsamunda. Komatu munthu amene analirira akazi amasiye m'kalata yake ya 1914 anaonjeza akazi amasiye ena m'chaka chotsatira. Apa ndi pamene pali mfundo yovuta kumasula. Kukhala chete kunali kulola thangata ndi zikoti zipitirire. Kudzuka kunali kuitana moto pamidzi ya anthu ake. Njira yopanda misozi panalibe. Maso a Mwase ali pa mtsogoleri kwambiri, ndipo wowerenga atsala akufuna kumva mau a otsalawo.

Pali chinanso chimene wowerenga ayenera kuchiyang'ana osatembenuza nkhope. Mutu wa Livingstone unadulidwa, ndipo m'mawa mwake, tsiku la Sabata, Chilembwe analalikira mutuwo uli poonekera. Nkhanza za Livingstone zifotokoza mkwiyo wa anthuwo, koma siziyeretsa mchitidwe umenewu. Munthu yemweyo amene anateteza mkazi wa mdani wake analola mtembo wa mdaniyo kunyozedwa. Kulemekeza ngwazi sikufuna kubisa zotere. Ndiponso amene anaombera Chilembwe anali akuda anzake, apolisi omvera lamulo la akulu ao. Nawonso nkhondo inawaika pamphambano, pakati pa lamulo ndi mwazi wa mbale.

Nanga bukuli liyenera kuwerengedwa? Inde, liyenera ndithu. Ndilo limodzi la mabuku oyamba m'mene Mmalawi anasimba nkhondo ya Chilembwe monga anthu akuda anaimvera. Linalembedwa ndi wandende, pansi pa Boma lomwelo limene linapha Chilembwe, ndipo kulemba kotero kunafuna kulimba mtima. Amene sadziwa Chingerezi angathe kupempha mphunzitsi wa sukulu ya kwacha kuti awamasulire pang'ono-pang'ono, nakambirane. Koma aliwerenge monga amvera mboni pabwalo la mfumu, kulandira zoona zake ndi kufunsa pamene mboniyo sinaone ndi maso.

Lero nkhope ya Chilembwe ili pa ndalama za pepala, ndipo dziko limkumbukira pa 15 January chaka chilichonse. Ulemu umenewu umyenera, pakuti analankhula pamene ena anaopa. Koma buku la Mwase, likawerengedwa mosamala, liphunzitsa kuti kusaopa imfa sikokwanira kuyesera mtsogoleri wa nkhondo. Ayesedwa ndi zimene analetsa ankhondo ake kuchita, ndi zimene zinagwera anthu opanda zida iye atapita. Pa choyamba Chilembwe aima bwino. Pa chachiwiri mlandu ukali pabwalo. Akale ananena kuti nkhondo simanga mudzi, ndipo a kwa Nthache anaona okha akazi a ku Tete akufika pa Kapise ndi ana kumsana, nkhokwe zao zitasanduka phulusa.