Mgodi wa mapulasitiki

Ana a sekondale kuno ku Shurugwi akamakangana za mabuku onena za mawa loipa, dzina loyamba kutchulidwa ndi The Hunger Games, buku la Suzanne Collins la mu 2008. Ena amati ndi maloto a ku America basi, ena amaloza District 12 ya m'bukulo n'kunena kuti nakonso amakumba malasha. Ine, mdzukulu wa matchona amene anabwera kudzakumba chrome tauni ino idakali Selukwe, ndimawatulutsira buku lina, la Nancy Farmer la mu 1994, The Ear, the Eye and the Arm.

Nkhani yake ikuchitika ku Harare m'chaka cha 2194. Tendai, Rita ndi Kuda, ana a General Matsika, athawa mpanda wa bambo awo, ndipo asanapite patali agwidwa pa Mbare Musika n'kukatayidwa ku Dead Man's Vlei. Apa ndi pamene wolembayu anaonetsa luso. Dambolo ndi dzala lakale la mzinda, ndipo anawo akukakamizidwa kulowa m'mauna kukakumba pulasitiki, amene nthawi imeneyo wasanduka chinthu chamtengo ngati mikanda ya makolo. Farmer sakutilalikira za kuwononga chilengedwe. Wangotenga mbale yosweka imene timataya lero n'kuisandutsa golide wa zidzukulu zathu, ndipo wowerenga amaseka kaye asanachite manyazi.

Anthu a m'dambomo anawapatsa mtundu wa dothi lomwelo, moti suwaona mpaka atasuntha. Amene anaonapo makorokoza, anthu okumba golide, akutuluka m'dzenje kufupi ndi Boterekwa, thupi lonse mbuu, maso okha akuwala, sangafunse kuti chithunzichi anachitenga kuti.

Otsutsa ali ndi mfundo, n'zoona: wolembayo ndi mlendo, ngakhale anagwirako ntchito yolimbana ndi tsetse m'dziko muno, ndipo zigawenga zake zovala zigoba zimandinyong'onya, ine amene agogo ankavina Gule Wamkulu mu komboni. Koma m'mauna momwemo, pansi pa zinyalala za zaka mazana, Tendai akupeza ndoro, chigoba cha nkhono chimene akuluakulu a Chishona ankavala. Mwana amene anakulira pakati pa maloboti akuivala m'khosi, manja ali zinyalala zokhazokha, ndipo She Elephant, mayi wolamulira dambolo, akuitana kumtunda kuti ntchito ipitirire.