Gule Woyendera Wotchi: Zilombo Pamaso pa Alendo ku Midlands

Lachisanu lina madzulo, pamalo ena ogona alendo kunja kwa tauni ya Kwekwe, ndinaonerera gule wamkulu amene anayamba pa nthawi yake. Papepala la ndondomeko panalembedwa kuti zilombo zilowa 8 koloko, alendo akangotha kudya, ndipo 8 koloko itakwana mbalule inaliradi. Munthu amene anakulira m'mbali mwa bwalo adziwa kuti apa pali chachilendo. Gule sayendera wotchi. Amatuluka ng'oma zikawambidwa pamoto, amayi akadzaza bwalo, eni mzinda akavomera. Koma usiku umenewu oonerera anali akuluakulu a kampani ina ya migodi pamodzi ndi alendo awo ochokera kunja, ena a iwo a ku China, ndipo mphindi 30 zisanathe zilombo zinayi zinali zitavina n'kubwerera.

Tiyambe ndi kuyamikira, pakuti zoyamikira zinalipo. Mkulu amene anagwira mbalule anali katswiri weniweni. Maso ake sanachoke pa miyendo ya Kapoli, ndipo phazi lililonse likagunda pansi ng'oma inkayankha pomwepo, ngati anthu awiri otsutsana pa mlandu. Mpanje unagwira msana wa nyimbo osagwedezeka. Makanja anatulukira kuseri kwa mpanda, wamtali kuposa nyale zapabwalo, alendo n'kuimirira onse ndi mafoni m'manja. Luso la manja ndi la miyendo silinafe pakati pa zidzukulu za machona.

Komabe china chinasowa, ndipo ndinachizindikira poyang'ana pansi. Zilombo zinkavina pakapinga wothiriridwa. Kapoli anapalasa ndi mphamvu zake zonse, koma fumbi silinabuke. Amayi oimba anali atatu okha, ataimitsidwa kuseri kwa maikolofoni imodzi, ndipo nyimbo iliyonse inkadulidwa isanafike pamene imaluma. Woyendetsa mwambo analankhula Chingerezi, natchula zonsezo ndi dzina limodzi la Chishona loti zvigure, osanena kuti chilombo chilichonse chili ndi dzina lake ndi mlandu wake. Simoni atalowa ndi nkhope yake yofiira, chigoba chimene makolo athu anasema posereula Mzungu wopsa ndi dzuwa ndi onse otengera makhalidwe ake, mabwana anamuombera m'manja mokondwa. Panalibe amene anawauza kuti ameneyu ndi mlendo mnzawo, ndipo kuti kale bwalo linkamuseka pofuna kuseka bwana.

Kuti timvetse chimene chatayika tiyenera kukumbukira njira imene guleyu anadzera. Anabwera ndi amuna a ku Nyasaland, a ku chigawo chakum'mawa kwa Northern Rhodesia ndi a ku Tete, amene anadzakumba golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, chrome ku Shurugwi, asibesitosi ku Shabanie ku Zvishavane, ndi kusungunula chitsulo ku Redcliff. Ena anayenda pansi milungu yambiri, ena anakwera malole a Ulere, ena anadza ndi Mthandizi. M'makomboni, madzulo a Loweruka ndi Lamlungu anali a ng'oma: Achewa ndi gule wawo, Ayao ndi beni wawo wa zovala zachisilikali. Charles van Onselen, m'buku lake lotchedwa Chibaro la mu 1976, anaonetsa kuti eni migodi ankagwiritsa ntchito mowa, magule ndi masewera pofuna kusunga antchito m'komboni ndi kuwakhazika mtima pansi. Choncho kuvinira bwana sikunayambe lero. Kusiyana kwake n'kwakuti masiku amenewo bwana ankaima kumbuyo, ndipo kutsogolo kunali khamu lomva nyimbo. Munthu akafera mumgodi, kutali ndi manda a makolo ake, gule yemweyo ndiye ankamuperekeza. Lamulo la unzika la mu 2001 litasandutsa ana ambiri a machona kukhala anthu opanda dziko, mpaka malamulo aakulu a mu 2013 atatsegulanso khomo kwa obadwira kuno, bwalo ndiwo malo amene munthu sankafunsidwa chitupa.

Alendo a ku China amene anali pakapinga paja ali ndi nkhani yofanana kwawo, ndipo ndi yoyenera kuimva. Mumzinda wa Chengdu, likulu la chigawo cha Sichuan, momwe mumakhala anthu oposa 20 miliyoni, mlendo akafunsa koti acheze madzulo amamutengera ku nyumba zomwera tiyi zimene zimaonetsa zisudzo. Kumeneko, m'nthawi yosapitirira maola awiri, amaona kagawo ka sewero loimba, zidole zovina, zithunzithunzi za manja pansalu, wolavula moto, ndipo potsiriza luso lotchuka la bian lian, kusintha nkhope. Wovina amagwedeza mutu kapena kukupiza dzanja la malaya, ndipo chigoba chofiira chimasanduka chobiriwira, chobiriwira n'kusanduka chakuda, diso osaona pamene chadzera. Luso limeneli linali chinsinsi chosungidwa m'mabanja ndi pakati pa mphunzitsi ndi wophunzira wake. Linalinso ndi ntchito yake m'kati mwa sewero: nkhope inkasintha pofuna kuonetsa kuti mtima wa munthu wasintha, kuchoka ku mantha kupita ku mkwiyo. Tsopano lazulidwa m'sewero lake, ndipo limachitika ngakhale pakati pa matebulo m'nyumba zodyera. Nkhope zikusinthabe mwaliwiro, koma oonerera ambiri sadziwa kuti akukwiyayo ndani, ndipo wakwiya ndi chiyani.

Umu ndi momwe msika wa alendo umagwirira ntchito kulikonse. Umasankha chimene diso lingameze popanda chilankhulo, n'kusiya chimene chimafuna khutu ndi nthawi. Ku Chengdu wasankha nkhope, ku Kwekwe wasankha miyendo ya Makanja. Koma pali pamene njira ziwirizi zimasiyana. Wovina wa bian lian kawirikawiri amamaliza poonetsa nkhope yake yeniyeni, ndipo m'manja mumaomberedwa munthu. Gule alibe nkhope yoti aonetse pomaliza. Mwambo umati zilombo zimachokera kudambwe, ndipo zimabwerera komweko. Wozisupa amaponya ndalama pansi, sagwirana nazo chanza. Usiku uja, gule atatha, woyendetsa mwambo anaitana alendo kuti adzajambulitse ndi zilombo. Ndinaona mlendo atakoleka dzanja paphewa pa Mariya, ndipo ndinaona mkulu wa mbalule akuyang'ana kumbali. Chimene ku Chengdu n'kutha kwa chionetsero, kwa ife n'kuswa mwambo.

Kodi tidzudzule ovinawo? Amene angatero ayambe wayenda m'makomboni. Fakitale ya Ziscosteel ku Redcliff inasiya kusungunula chitsulo mu 2008. Mgodi wa Shabanie boma linautenga mu 2004, ndipo patapita zaka zochepa ntchito inaima, mabanja n'kutsala m'nyumba za kampani popanda malipiro. Mgodi ndiwo unkapereka bwalo, lole yonyamula ovina ndi khamu la oonerera la ndalama m'thumba. Zimenezi zitapita, kwatsala mipikisano monga Chibuku Neshamwari, umene unayamba mu 1963, ndi maitanidwe a apo ndi apo kwa amene ali ndi ndalama lero. Ena a iwo ndi a ku China: kampani ya Sinosteel inagula gawo lalikulu la Zimasco mu 2007, ndipo fakitale ya chitsulo ya Dinson ku Manhize, pafupi ndi Mvuma, inayamba kugwira ntchito mu 2024. Chikopa cha ng'oma n'chogula, nthenga ndi utoto n'zogula, ndipo ana a woimba ng'oma amafuna fizi. Njala ilibe mwambo.

Vuto silili pa kuvinira alendo. Lili pa funso loti amene akudula nyimbo ndani. Ku Mua, m'boma la Dedza, malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976 asunga zigoba mazanamazana, ndipo alendo amauzidwa dzina la chilombo ndi phunziro lake. Ku Mkaika, m'boma la Katete, mwambo wa Kulamba umakoka alendo chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti, koma mwini bwalo amakhalabe Kalonga Gawa Undi. UNESCO italengeza mu 2005 kuti gule wamkulu ndi chuma cha anthu onse, inatchula Malawi, Mozambique ndi Zambia. Gule wa m'migodi ya ku Zimbabwe sanawerengedwe, ndipo alibe mfumu yaikulu pafupi yomulankhulira. Pachifukwa chimenechi akuluakulu a madambwe a kuno ayenera kudziikira okha malire. Anene kuti ndi zilombo ziti zingatuluke pamaso pa alendo. Kasiyamaliro, amene ntchito yake ili pamaliro, asadzapezeke pakapinga wa hotelo pa mtengo uliwonse. Akane kujambulitsa kogwirana mapewa. Aumirire kuti amayi oimba abwere ambiri ndipo alipidwe, chifukwa popanda iwo chilombo n'chosalankhula. Ndipo woyendetsa mwambo akhale munthu wodziwa, amene angauze alendo m'mawu ochepa zimene nyimbo ikunena.

Ena adzati alendo safuna kuphunzitsidwa atakhuta. Ine ndikuti tisawaderere. Alick Macheso, amene bambo ake anachokera ku Malawi, wakhala akuika Chichewa m'nyimbo zake za sungura, ndipo makamu a Ashona ndi Andebele amaimba naye, kenaka n'kufunsa tanthauzo. Munthu wochokera ku dziko kumene mtundu wa utoto pankhope ya wosewera umanena ngati ali wokhulupirika kapena wachinyengo sangalephere kumva kuti nkhope yofiira ya Simoni ili ndi mawu. Mwina angaseke kwambiri atadziwa kuti akudziseka yekha. Akuluakulu anati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, koma kalumo sikangamete mutu umene wabisidwa.

Ndikutuluka usiku uja ndinapeza oimba ng'oma akulongedza katundu m'kalole kumbuyo kwa khitchini. Ndinawomba m'manja kwa mkulu wa mbalule n'kumufunsa kuti, "Agogo, nanga nyimbo ya Simoni ija inathera panjira bwanji?" Iwo anaseka pang'ono namanga chingwe pa mpanje. "Mwanawe," anatero, "anatigula theka la ola. Yotsalayo mudzaimve Lamlungu kukomboni, kuli kumeta kwa mnzathu." Ndinapitako. Kunalibe mpando ngakhale umodzi, amayi anali osawerengeka, ndipo gule anachedwa ndi maola atatu. Nditabwerako, fumbi linali m'tsitsi ndi m'mano.