Mkazi wabwino wa m'nkhani zathu amadya chiyani?

Sabata ino mpata wagwera ine, ndiye mundilole ndikhudze pachilonda pang'ono. Funso langa ndi limodzi basi: n'chifukwa chiyani m'nkhani zathu mwamuna timamulola kuyamba walakwa kenako n'kudzakhala wabwino, koma mkazi timafuna abadwe ali mngelo kale?

Tiyambe ndi Nthondo, buku lomwe ambirife tinakumana nalo ku sekondale. Analemba ndi Samuel Josia Ntara, mphunzitsi wa ku Nkhoma. Linatuluka mu 1933, ndipo mu 1934 T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Takumbukirani momwe Ntara anamuumbira munthu wake. Nthondo akukula ali wakuba komanso wosamva. Akuchoka pamudzi kupita kutali kukafuna ntchito, akubwerera, akulowa ufumu, kenako akutembenuka mtima n'kukhala Mkhristu. Ubwino wake ukubwera kumapeto, ndipo timaukhulupirira chifukwa taona komwe wachokera. Ntara anamupatsa buku lonse loti agwe ndi kudzuka.

Tibwere kwa Sikusinja ndi Gwenembe ya J.W. Gwengwe. Sikusinja ndi wabwino kuyambira pachiyambi, wakhama, wodziwa kusunga zomwe wapeza. Malipiro ake ndi kuphedwa ndi m'bale wake yemwe panjira, ndipo yomuyankhulira ndi mbalame. Apa pali phunziro kwa alembi: munthu amene mwamupanga wabwino kuyambira tsamba loyamba nkhani yake siichedwa kutha, mpaka mumafuna mbalame kuti ikuthandizeni kumaliza. Komabe onani, ngakhale Sikusinja anayenda, anagwira ntchito, anali ndi katundu m'manja. Ubwino wake unali ndi thukuta.

Tsopano tayang'anani mkazi wachitsanzo yemwe timakonda kulemba m'gulu muno. Mukumudziwa. Wachokera kumudzi, wapeza ntchito ya m'nyumba kumayadi, ku Area 10 kaya ku Area 43. Sayankha, amagwada, amalirira kukhitchini dona akamuzunza. Pofika gawo la 20, mwana wa bwana, wogwira ntchito ku City Centre, wamuona kufatsa kwake n'kumukwatira. Nkhani yatha, ife ndemanga mbwee, eti Mulungu sataya wake. Nanga mkazi woipa m'nkhani yomweyo ndi uti? Ndi uja wa geni yake, woyenda maulendo okaoda katundu ku Tanzania, wodziwa kufunsa kuti ndalama yapita kuti.

Abale anga, mtsikana ameneyu wachitapo chiyani kuti timutche wabwino? Palibe chomwe wasankha. Wangopirira mpaka galimoto yaima pageti. Mwamunayonso tikumulakwira, chifukwa ubwino wake wonse ndi galimoto ndi mpanda. Muchotsereni makiyi muone ngati patsala munthu. Paja timati mwamuna ndi kabudula amathera moyenda, pomwe mkazi timangomuuza kuti banja ndi kupirira. Miyambi iwiri imeneyi ndi yomwe ikutilembera nkhani, ife tikungogwira cholembera.

Ine ndimagulitsa kaunjika kwa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, ndipo akazi abwino ndimakhala nawo tsiku ndi tsiku. Sali ngati wa m'nkhani uja ayi. Amakuwa poitanira malonda, amakangana pa mtengo wa belo, amakana kukongoza ngakhale wachibale. Koma belo la mnzako likatuluka zinyalala, ndi omwewo amasonkherana kuti mpamba wako usafe. Maliro akagwa ndi omwewo amatseka benchi n'kutaya malonda a tsiku lonse. Ubwino wawo umawadyera ndalama, ndipo amachita kusankha okha akudziwa mtengo wake. Nkhani ili pamenepo: mayi ali ndi ndalama ya banki m'khonde m'manja, si yake, mwana wathamangitsidwa fizi. Atani? Pamenepo ndiye tingadziwe ngati ali wabwino, osati pa kagwadidwe.

Wina anena kuti zimenezi ndi nzeru zachilendo, chikhalidwe chathu sichitero. Chabwino, tsegulani Miyambo 31, kuyambira ndime 10, yomwe alangizi amakonda kuwerenga pa bridal shower kuyambira kwa Chinsapo mpaka ku Area 47. Mkazi wotamandidwa mmenemo amagula munda ataulingalira yekha, amalima ndi phindu la manja ake, amasoka zovala n'kumagulitsa kwa amalonda, amadziwa ngati geni ikuyenda, amathandiza osauka komanso amayankhula zanzeru. Mwachidule ndi mayi wa geni. Ife tinangotolapo kudzuka m'mamawa, zogula munda tinazisiya m'buku momwemo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti kufatsa n'koipa, kapena kuti tiyambe kulemba akazi amwano kuti tioneke otsogola. Kungotembenuza chovala sikuchichapa. Ndikuti kufatsa kopanda mayesero sikutiuza kanthu. N'chifukwa chake Izeki ndi Jakobo timawakumbukirabe mpaka lero ngakhale John Nyanga ndi Eric Mabedi anatisiya: anali ndi dyera, mabodza ndi mantha ngati ife tomwe. Koma mtsikana wabwino wa nkhani ya mwezi watha, ndani akukumbuka dzina lake?

Ndipo izi si zongocheza. Nkhani zathu zimawerengedwa pafoni ndi atsikana a Fomu 2, ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Tikamawauza sabata ndi sabata kuti mphotho ya kukhala chete ndi mwamuna wa kumayadi, ena adzakhaladi chete pamalo pofunika kukuwa. Anyamata nawo akuphunzira kuti ukakhala ndi galimoto khalidwe ndi lapadera.

Pempho langa kwa inu alembi ndi ili. Mupatseni mkazi mpata womwe Ntara anamupatsa Nthondo. Alakwe, achite manyazi, abweze ngongole, akule. Mupatseni ntchito yoti tiione, ndalama yoti awerenge, ndi chinthu choti ataye akasankha chilungamo. Mwamunanso muyeseni ndi zina, osati ndi makiyi okha. Ndipo musanatumize gawo loyamba, dzifunseni: kodi mwana wa bwana uja akapanda kubwera, mtsikana wangayu adya chiyani mawa?

Amene mukutsutsa bwerani m'makomenti, koma mubwere ndi dzina la mkazi mmodzi wa m'buku la Chichewa amene analakwa, nakhululukidwa, nakhalabe mwini nkhani mpaka tsamba lomaliza. Ndikudikira.