ZA MAU A CINGEREZI ONENA NYUMBA YOSAMANGIKA BWINO

Tawerenga makalata ambiri amene aphunzitsi ndi akatekisi alembera akuru ao m'Cingerezi, popempha kuti nyumba zao zikonzedwe mvula isanagwe. M'makalatamo muli colakwa cimene cibwera kawiri-kawiri, ndipo tifuna kucitsutsa pano. Ena angolemba bad house, monga ngati kuipa kwa nyumba kuli kwa mtundu umodzi. Ena, pofuna kuoneka odziwa, atola m'dikishonale mau olemera, nawaika pamene sayenera. Aciwiriwa ndiwo alakwa koposa, pakuti mau ambiri a Cingerezi onena nyumba yoipa anenanso amene anaiipitsa.

Mphunzitsi wina mnzathu analemba kuti nyumba yace iri jerry-built. Iye anafuna kunena kuti idontha, ndi kuti ciswe cadya phaso. Koma nyumbayo inali itakhala zaka 20, ndipo udzu wace sunasinthidwe nthawi yaitali. Wolandira kalata anamva kuti mmisiri anacita cinyengo, naitana nkhalambayo kudzayankha mlandu. Munthu wosalakwa anacita manyazi pamaso pa mudzi cifukwa ca mau amodzi.

Tsono tiyambe ndi mau omwewo. Jerry-built ndi nyumba yomangidwa mothamanga ndi zipangizo zacabe, womangayo akufuna phindu: maziko osazama, njerwa zosapsa, simenti yocepa ndi mcenga wocuruka. Mauwa anamveka ku England m'zaka za m'ma 1800, pamene mizinda monga Liverpool inakula msanga, ndipo anthu ofuna ndalama anaimika nyumba zambiri za anchito mosasamala. Ena ayesa kuti anacokera ku dzina limene asilikari anacha Ajeremani pa nkhondo ya 1914. Si momwemo iai, pakuti mauwa analipo kale. Nyumba yotere ikhoza kukhala yatsopano ndi yokongola kunja. Caka ca 1968 ngodya ya nyumba yosanja ya Ronan Point ku London inagumuka gasi ataphulika m'cipinda cimodzi, anthu 4 nafa, ingakhale inali itangotsegulidwa kumene. Pambuyo pace kunapezeka kuti mfundo za makoma ace sizinalumikizidwe bwino, ndipo inagwetsedwa mu 1986. Mau akuti shoddy ali pafupi ndi amenewa. Poyamba anali dzina la nsaru yoombedwa ndi nsanza zakale ku Yorkshire. Wolemba mau awiriwa aloza cala mmisiri. Cifukwa cace asawalembe popanda umboni.

Dilapidated ndi nkhani yina. Muzu wace ndi lapis, ndiwo mwala m'Cilatini, ndipo ganizo lace ndi la miyala yomwazika. Anena nyumba imene inali yabwino, koma yaonongeka ndi ukalamba kapena kusasamalidwa. Awa ndiwo mau amene mnzathu uja anayenera kulemba. Tumbledown ali comweco, koma anena nyumba imene yatsala pang'ono kukhala bwinja. Apa mlandu, ngati ulipo, uli kwa mwini wosafolera ndi wosamata ming'alu. Nyumba yomangidwa caka cino siingakhale dilapidated.

Ramshackle ndi rickety anena cimene maso aona ndi dzanja limva: cinthu cogwedera, cosagwirana, conga cifuna kugwa. Sanena cifukwa cace. Rickety ayenera makamaka zinthu za mitengo, monga makwerero, mpando kapena citseko.

Makeshift ndi cinthu congogwirizira, comangidwa ndi zimene zapezeka kufikira cabwino citadza. Ife tiri nao mau athu apa, msasa ndi cisakasa, ndipo palibe munthu aseka mnzace cifukwa msasa wa kumunda ulibe maziko. Shack ndi shanty ndi tinyumba ta matabwa ndi malata akale. Odziwa ambiri ayesa kuti shanty anacokera ku Cifalansa ca ku Canada, kumene ananena misasa ya odula mitengo. Mau awa aonetsa umphawi kapena cangu, ndipo saneneza munthu cinyengo.

Pali mau awiri amene tipempha abale athu kuwagwira mocenjera. Hovel ndi kanyumba kauve kosayenera munthu, ndipo m'mauwa muli citonzo. Slum ndi dera lonse la mzinda lothinana ndi lauve. Katekisi wolemba za mkazi wamasiye wosowa womfolerera, akalemba hovel, wamnyoza amene anafuna kumpemphera thandizo.

Cotsiriza ndi hut, ndipo apa tidzudzula ife tomwe. Kuyambira m'zaka za m'ma 1890, pamene boma la Harry Johnston linaika msonkho wochedwa hut tax m'Nyasaland, nyumba iri yonse ya m'mudzi inawerengedwa hut, ndipo ana a sukulu anatengera kulemba comweco za nyumba za makolo ao. Koma nyumba ya nsici zowongoka, yomatidwa bwino, yofolera udzu wokwanira, yoziridwa pansi, ndi nyumba ndithu, ndipo dzina lace ndi house, kapena thatched house. Ku Devon, m'England momwemo, ziriko nyumba za dothi ndi udzu zimene zakhala zaka mazana, ndipo eni ace azinyadira. Dothi ndi udzu sizicepsa nyumba. Cimene ciicepsa ndi manja aulesi kapena mtima wacinyengo.

Cifukwa cace, musanalembe, dzifunseni: kodi nyumbayi inabadwa yoipa, kapena yaipa ndi zaka, kapena inamangidwa yongogwirizira? Mukakayika, siyani mau akuru, nimunene cimene mwaona: the roof leaks, the wall is cracked, termites have eaten the rafters. Wowerenga adziwa pomwepo ngati atumize udzu, njerwa kapena mitengo. Ndipo pophunzitsa ana, turukani nao panja, muwaonetse khola, cisakasa, nkhokwe yopendekeka ndi nyumba yabwino ya udzu, kuti yense apatse cinthu mau ace, nanene cifukwa cimene wawasankhira.