Pemphero Limene Lidasanduka Nyimbo ya Chikondi

Nyimbo zambiri zimene timamva pa wailesi zili ngati maluwa a dzungu: m'mawa zikongola, pofika madzulo zafota. Koma ilipo ina ya ku America, yotchedwa Stand by Me, imene Ben E. King adaitulutsa m'chaka cha 1961, ndipo mpaka lero anthu sadatope nayo. Mutu wake ndi pempho la munthu kwa mnzake kuti aime pambali pake. Yajambulidwa ndi oimba osiyanasiyana kopitirira ka 400, ndipo agogo amene adaivina ali achinyamata akuimva tsopano pakamwa pa zidzukulu zao. Nkoyenera tsono kuti tifunse chimene chaisunga zaka zonsezi, ndiponso ngati zimene imanena zili zoona.

Ben E. King adabadwa mu 1938 ku Henderson, m'chigawo cha North Carolina, ndipo akali mwana makolo ake adasamukira ku Harlem, dera la anthu akuda mumzinda wa New York. Adatchuka poimba m'gulu la The Drifters, koma mu 1960 adalisiya atasemphana maganizo ndi mkulu wa gululo pa nkhani ya malipiro. Chaka chomwecho adajambula nyimboyi mothandizana ndi Jerry Leiber ndi Mike Stoller, akatswiri awiri opeka nyimbo. Itatuluka, idafika pa nambala 4 pa mndandanda wa nyimbo zokondedwa m'dziko lonse la America.

Komabe mizu yake ndi yakale kuposa pamenepa. Mu 1905 mbusa wa mpingo wa Methodist ku Philadelphia, Charles Albert Tindley, mwana wa bambo amene adali kapolo, adasindikiza nyimbo ya m'tchalitchi ya dzina lomweli, yopempha Ambuye kuti asamsiye pa nthawi ya namondwe. Pambuyo pake Sam Cooke ndi J. W. Alexander adapekera gulu la Soul Stirrers nyimbo ina ya uzimu pa mutu womwewo, ndipo King mwini adavomera kuti ndi kumeneko kumene adatapa ganizo lake. Ngakhale chithunzi cha mapiri ogumukira m'nyanja, chimene chili m'ndime yachiwiri ya nyimbo yake, aliyense wozolowera Masalmo achizindikira kuti nchochokera mu Salmo 46.

Umu ndi m'mene nyimbo za mtundu wa soul zidabadwira. Anyamata oleredwa m'makwaya a matchalitchi a anthu akuda adatenga kaimbidwe ka mapemphero nayamba kuimbira chikondi cha mwamuna ndi mkazi. Ray Charles adachita zimenezi mu 1954 ndi nyimbo yake I Got a Woman, ndipo Akhristu ambiri adakhumudwa, nati watenga za paguwa kupita nazo kumowa. Sam Cooke, poopa kudzudzulidwa kotere, adatulutsa nyimbo yake yoyamba ya chikondi m'dzina lobisika la Dale Cook. Dandaulo la Akhristu aja sitingalinyoze, pakuti Stand by Me idachitadi chinthu chachikulu: mau amene Tindley ankalankhula kwa Mulungu, King adawalankhula kwa munthu.

Tisanaweruze, tiyambe taimvetsera bwino. Nyimboyi ndi ya mphindi zitatu zokha. Imayamba ndi besi, chiimbiro cha zingwe cholira pansipansi ngati babatoni, pamodzi ndi kachitsulo kolira ngati belu ndi kena kokwecha. Besiyo imayenda njira yaifupi nkubwerera pomwe idayambira, ndipo imatero kuchokera pachiyambi mpaka pamapeto osasintha. Liu la King limalowa modekha, pofotokoza usiku wa mdima umene kuwala kwake ndi mwezi wokha. Kenaka limakwera ndi kusasa pang'ono, monga achitira munthu amene akudzilimbitsa mtima chonsecho mantha ali nawo. Mavayolini amabwera pambuyo nakweza nyimbo, koma pansi pa zonsezo besi ija ikungoyendabe. Apa ndi pamene pagona luso lake: chimene mau akupempha, besi ikuchichita. Woimba akufuna mnzake wosachoka, ndipo khutu lathu likumva kanthu kosachoka.

Chachiwiri ndi kuchepa kwa pempholo. Woimbayo sakuti mdima uchotsedwe, kapena mapiri aletsedwe kugwa. Sakupempha chuma, mankhwala kapena yankho. Wavomera kuti tsoka lingabwere, ndipo akungofuna kuti likadzafika lisadzampeze ali yekha. Makolo athu adanena kale kuti kali kokha nkanyama, tili tiwiri ntianthu. Amene adagonapo pa siwa, kapena kudikirira wodwala m'chipatala usiku wonse, akudziwa kuti nthawi zina palibe chimene tingachite koma kukhalapo basi, ndi kuti kukhalapoko sikochepa.

Popeza pempholo ndi la munthu aliyense, mbadwo uliwonse waipezera nyimboyi malo ake. Cassius Clay, amene adadzatchedwa Muhammad Ali, adaitulutsa mu 1964, ndipo John Lennon mu 1975. Mu 1986 Rob Reiner adatcha dzina lomweli kanema wake wonena za anyamata anai apaubwenzi, ndipo nyimbo ya zaka 25 idabwereranso pakati pa nyimbo khumi zotsogola ku America, tsopano ngati nyimbo ya ubwenzi. Mu 1987 idafika pa nambala 1 ku Britain kampani ya Levi's itaigwiritsa ntchito potsatsa mathalauza. Ena angadandaule kuti mdzukulu wa salmo adatumidwa kukagulitsa zovala, ndipo dandaulo limenelo nlomveka. Koma kutsatsako kudatha, nyimbo idatsala. Mu 1999 bungwe la BMI lidaiika pa nambala 4 mwa nyimbo zake zimene zidaulutsidwa koposa m'zaka za m'ma 1900, ndipo mu 2015, chaka chimene King adamwalira, Library of Congress idailemba m'kaundula wa zojambulidwa zoyenera kusungidwa. Pa 19 May 2018 kwaya ya Kingdom Choir idaiimba pa ukwati wa Prince Harry ndi Meghan Markle m'tchalitchi la St George ku Windsor, ndipo nyimbo imene idatuluka m'tchalitchi idalowamonso.

Tsono nanga dandaulo lija? Mbali ina nloona. Wolemba salmo sankaopa kugwa kwa mapiri chifukwa ankadalira Iye amene adawalenga. King akuti sadzaopa chifukwa cha munthu mnzake, ndipo munthu ndi dothi: amatopa, amadwala, amasintha mtima, amafa. Amene asenzetsa mwamuna wake, mkazi wake kapena bwenzi lake katundu yense amene ayenera Mulungu yekha, adzamthyola msana, naye mwini adzagwa mphwayi. Mabanja ena apasuka popanda chidani, koma chifukwa wina ankayembekeza kwa mnzake chimene munthu sangathe kupereka.

Komabe ife sitiganiza kuti nyimboyi idaba kanthu. Pemphero la Tindley limayankhidwa kawirikawiri kudzera mwa anthu: mlongo amene wabwera ndi phala kuchipatala, mnansi amene wagona panja pamaliro, mkazi amene sadachoke pamene ntchito ya mwamuna wake idatha. Mthenga wa Yohane nawo ukutiuza kuti pa Kalvare Amai Maria sadathe kuchotsa mtanda, koma adaimirira pafupi nawo. Nyimbo ya Tindley ndi ya King sizikulimbana ai. Yachiwiri ikutikumbutsa kuti yoyamba imafuna miyendo yathu.

Cholakwa chingakhale mwa ife omvera, ngati tiikonda nyimboyi chifukwa tonse timadziona ngati wopemphayo, ndipo palibe amene amadziona ngati wopemphedwa. Kuiimba pa tsiku la ukwati nkosavuta, pamene aliyense wavala bwino ndipo nthungululu zili ponseponse. King mwini adakhala ndi mkazi wake Betty zaka zoposa 50, mpaka imfa idawalekanitsa. Tikadzaimvanso pa wailesi, tidzifunse ngati m'nyumba mwathu, m'mudzi mwathu kapena mumphakati mwathu mulibe wina amene wakhala akutipempha zomwezi mosaimba, ife nkumangomdutsa.