Lesi safuna waulesi

Buku la Jane Patrick lotchedwa The Weaver's Idea Book lidatuluka mu 2010, ndipo ine ndakhala nalo miyezi ingapo pambali pa chowombera nsalu changa chaching'ono, chija amati rigid heddle. Chili ndi chipeso cha timabowo ndi mipata. Mukachikweza kapena kuchitsitsa, ulusi wa m'timabowo ndiwo umayenda, wa m'mipata umangokhala.

Chimene ndikuyamikira m'bukuli ndi gawo la lesi wopanga ndi zala. Pa leno mumapotokola timaulusi ta m'litali, n'kulowetsa ulusi wopingasa kuti zisamasuke. Pa Brooks bouquet mumamanga timaulusi m'timitolo ngati nkhuni. Mayi Patrick akuonetsa bwino kuti kukongola kwa lesi kuli m'mabowo, ndipo bowo lililonse limafuna ulusi woligwira. Anamwino anzanga, dzina lina la leno ndi gauze, lomwe lija la kansalu kophimbira bala.

Dandaulo langa ndi ili. Zithunzi zake n'zosalala moti munthu amayesa ntchitoyi njachangu. Ayi ndithu. Tsiku lina nditaweruka ku naiti ndidalumpha kaulusi kamodzi, n'kuzindikira nditawomba kale chikhatho chathunthu. Ndidamasula zonse, misozi ili m'maso. 

Bukuli liguleni, koma musayambe lesi muli ndi tulo. Amene mudaona amayi athu akuluka madoilo a pa sofa mukudziwa kale kuleza mtima kofunika.